Imfa za mankhwala opyola muyeso: akufa ndani, nanga kwa Mbenje akuwerengedwa bwanji?

Munthu akamwalira pamudzi m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, uthenga umapita kwa anyakwawa, adzukulu amakumba manda, ndipo chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa cha Shire maliro sachedwa kuikidwa. Imfa yotere siidutsa m'manja mwa dokotala. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti imfa iliyonse ilembedwe ku nthambi ya National Registration Bureau, komabe Amalawi ambiri amamwalirira kunyumba, ndipo chomwe chawapha sichilembedwa ndi munthu wachipatala. Izi zimakhudza matenda onse, koma zimabisa kwambiri imfa zimene anthu amachita nazo manyazi, monga ya munthu amene wamwa mankhwala mopyola muyeso.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2019 anthu pafupifupi 600,000 adamwalira chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, ndipo pafupifupi 125,000 adafa atapyoza muyeso wa mankhwala a m'gulu la opioid. Ziwerengerozi zimatsamira kwambiri pa maiko amene amapima mitembo ndi kuyeza magazi. Ku maiko amenewo ofufuza aona chinthu chimene chili ndi phindu kwa ife: chiwerengero cha dziko lonse chimabisa amene akufa, ndipo gulu limene likufa kwambiri limasintha zaka zikamapita.

Momwe ma opioid amaphera

Ma opioid ndi mankhwala opha ululu ochokera ku chomera cha poppy, kapena opangidwa m'fakitale kuti azigwira ntchito mofanana nacho. M'zipatala zathu timadziwa morphine, pethidine, codeine ndi tramadol. Kunja kwa chipatala kuli heroin, komanso fentanyl amene mphamvu yake imaposa ya morphine ka 50 mpaka 100. Onsewa amafika pa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Muyeso ukachuluka, munthu amagona tulo tosadzutsika, amaliza mkonono wachilendo, mpweya umatuluka patalipatali mpaka kuima. Omuona amangoti waledzera, n'kumufunditsa kuti agone.

Thupi limazolowera mankhwalawa, choncho owagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku amaonjezera muyeso kuti amve zomwe ankamva poyamba. Akasiya kwa masabata angapo, kaya ali kundende kaya kuchipatala, kuzolowerako kumatha, ndipo muyeso wake wakale umakhala wakupha. N'chifukwa chake masabata oyamba munthu atangotuluka m'ndende ndi oopsa kwambiri. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam nazonso zimachepetsa kupuma, kotero imfa zambiri zimachitika zinthu ziwiri kapena zitatu zikakumana m'thupi limodzi.

Zimene zidachitika ku America

Mu 1999 anthu pafupifupi 17,000 a ku United States adamwalira ndi mankhwala opyola muyeso. Pofika 2022 chiwerengerochi chidali pafupifupi 108,000 pachaka. Bungwe la CDC limagawa nyengoyi m'magawo atatu. Gawo loyamba lidayambira m'zipatala momwe. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma idayamba kugulitsa OxyContin, n'kumauza madokotala kuti mankhwalawa sapatsa chibaba kwenikweni. Mu 2007 kampaniyi idavomera mlandu wonamiza anthu ndipo idalipira ndalama zoposa madola 600 miliyoni. Boma litakhwimitsa kalembedwe ka mapiritsiwa, amene adali kale ndi chibaba adathamangira heroin, ndipo kuyambira 2010 imfa za heroin zidakwera. Kuyambira 2013 fentanyl wopangidwa mobisa adalowa pamsika, ndipo pofika 2022 iye ndi anzake opangidwa m'fakitale ankapezeka m'matupi a anthu awiri mwa atatu alionse omwalira motere.

Tikagawa imfazi m'magulu a anthu, m'pamene nkhani imaoneka bwino. M'zaka zoyamba ankafa kwambiri ndi azungu a m'madera a migodi ya malasha ndi mafakitale otsekedwa, monga West Virginia, kumene anthu ambiri adali ndi ululu wa msana ndi mawondo chifukwa cha ntchito zolemetsa. Mu 2015 Anne Case ndi Angus Deaton a ku yunivesite ya Princeton adasonyeza kuti imfa pakati pa azungu a zaka 45 mpaka 54, makamaka amene sadapite patali ndi sukulu, zinkakwera pomwe m'maiko ena olemera zinkatsika. Anthu akuda sadakhudzidwe kwambiri nthawi imeneyo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chomvetsa chisoni: madokotala ankawalembera mankhwala opha ululu mocheperapo poyerekeza ndi azungu odwala matenda omwewo.

Fentanyl atafika zinthu zidatembenuka. Ogulitsa ankamusakaniza mu heroin, mu cocaine ndi m'mapiritsi achinyengo, moti adapha ngakhale anthu amene sankadziwa kuti akumwa opioid. Mu 2020 imfa pakati pa anthu akuda, tikawerengera pa anthu 100,000 alionse, zidaposa za azungu. Mu 2022 zidali pafupifupi 65 pa anthu 100,000 pakati pa eni nthaka a ku America ndi Alaska, 48 pakati pa anthu akuda, ndi 36 pakati pa azungu. Amuna ankafa kuposa akazi kawiri ndi kupitirirapo. M'mizinda ngati Baltimore, amene adatha kwambiri ndi azibambo akuda achikulire, anthu amene adakhala ndi heroin zaka zambiri osafa, mpaka pamene ufa womwe ankagula udasintha mphamvu.

Chaka cha 2023 n'chimene wophunzira aliyense wa zaumoyo wa anthu ayenera kuchiyang'anitsitsa. Imfa za dziko lonse zidatsikako kufika pa 105,000, koma kutsikako kudali kwa azungu. Pakati pa anthu akuda chiwerengero chidakwerabe pang'ono. Amene adangowerenga mzere wapamwamba wa lipoti adaganiza kuti onse ayamba kupepukidwa. Mu 2024 imfa zidatsika kwambiri kufika pafupifupi 80,000, patapita nthawi yochepa boma litalola, mu Malichi 2023, kuti mankhwala otsitsimutsa a naloxone opopera m'mphuno azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Akatswiri akutsutsanabe kuti kutsikaku kwadza ndi naloxone, chithandizo cha methadone ndi buprenorphine, kapena kusintha kwa fentanyl amene ali pamsika.

Pafupi ndi kwathu

Mu Africa vutoli lidabwera ndi nkhope ina. Kafukufuku amene boma la Nigeria lidachita mu 2018 mothandizana ndi UNODC adapeza kuti anthu pafupifupi 4.6 miliyoni ankamwa ma opioid a kuchipatala popanda matenda, makamaka tramadol, ndipo chaka chomwecho dzikolo lidaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Kumadzulo kwa Africa tramadol amamwedwa kwambiri ndi anyamata a ntchito zotopetsa, oyendetsa njinga zamoto ndi onyamula katundu, kuti athe kugwira ntchito osamva kutopa. Mu Epulo 2024 mtsogoleri wa Sierra Leone, Julius Maada Bio, adalengeza kuti mankhwala otchedwa kush ndi ngozi yogwera dziko. Atayezedwa, ena mwa iwo adapezeka ndi ma nitazene, omwe ndi ma opioid amphamvu kwambiri.

Kuno kummwera, achinyamata a ku Zimbabwe amamwa BronCleer, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndipo m'makomboni a ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakagwira ntchito, muli nyaope, heroin wosakaniza amene amasutidwa ndi chamba. Gombe la Mozambique ndi njira yodziwika imene heroin wochokera ku Afghanistan amadutsira popita ku South Africa, ndipo kulikonse kumene katundu wotere amadutsa, wina amatsalira m'njira. Tanzania idaona zimenezi msanga, n'kutsegula kiliniki ya methadone pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Boma la Nsanje lazunguliridwa ndi Mozambique kummawa, kummwera ndi kumadzulo, ndipo kupatula chipata cha Marka pali tinjira tambirimbiri timene anthu ndi katundu amaolokera tsiku lililonse.

Magulu a kwa Mbenje

Kungotenga magulu a ku America n'kuwaika pa Bangula kapena Sorgin sikungatithandize. Kwa Mbenje anthu sasiyana ndi khungu. Amasiyana ndi chomwe chili pafupi ndi dzanja lawo. Ndipo chiphe chimene chili pafupi kwambiri ndi mankhwala a kumunda. M'chigwa muno anthu amalima thonje lomwe limafuna kupopera kangapo pachaka, amathira mankhwala m'chimanga ndi mapira poopa anankafumbwe, ndipo pamisika pamapezeka tameki, yemwe dzina lake lenileni ndi aldicarb, akugulitsidwa m'timapepala ngati mankhwala a makoswe. Botolo lotsala limakhala pansi pa bedi kapena padenga, m'nyumba momwemo momwe mumachitikira mikangano ya banja ndi ya ngongole.

WHO imati mwa anthu asanu alionse odzipha padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a mbewu. Ambiri mwa iwo amachita izi mtima utangowawa, osati ataganizira kwa masiku, ndipo amene apulumuka nthawi zambiri sabwerezanso. Choncho chimene chimasiyanitsa wamoyo ndi wakufa ndi ukali wa chomwe wamwa komanso kutalika kwa ulendo wa kuchipatala. Sri Lanka idaletsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 imfa zodzipha zidatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, zokolola osatsika. Kwa ife nkhaniyi ndi ya bungwe la Pesticides Control Board ndi alangizi a zaulimi monga momwe ilili ya achipatala.

Gulu lachiwiri ndi la azibambo ndi anyamata omwa kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo totsika mtengo. Zambia idaletsa tujilijili mu 2012 ndipo Malawi naye adaletsa masacheti, koma mowawo udangosintha chotengera. Mu Epulo 2024 anthu angapo adamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene omwa okha adautcha Ambuye Ntengeni. Choopsa chachikulu mu mowa wosayezedwa ndi methanol. Amene wamwa methanol amaoneka ngati waledzera wamba, ndiye patapita maola 12 mpaka 24 amayamba kuona mwachimbuuzi, kusanza ndi kupuma mwawefuwefu. Pamudzi imfa yotere imatchedwa ufiti, kapena anthu amati wina wamuthirira tameki m'mowa, ndipo mlandu umathera pabwalo la mfumu popanda woyeza zomwe zidali m'botolomo.

Gulu lachitatu ndi la omwa mapiritsi ogula kwa mavenda ndi m'maokala. Mlimi amene msana ukumuwawa, wa kabaza amene wapalasa tsiku lonse padzuwa la Okutobala, mayi wodwala dzino, onsewa amagula awiriawiri n'kumaphatikiza mitundu, osadziwa kuti mapiritsi a maina osiyana akhoza kukhala ndi paracetamol yemweyo. Paracetamol wochuluka amaononga chiwindi mwakachetechete; munthu amaoneka bwino tsiku loyamba, n'kudzachita chikasu patapita masiku atatu. Apa m'pamene tramadol ndi codeine angalowere mosavuta, chifukwa njira yogulitsira mankhwala popanda chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ilipo kale, ndipo anthu a ntchito zolemetsa amene amafuna chopha ululu ndi ambiri. Ana aang'ono nawo ali ndi ngozi yawoyawo: mapiritsi a agogo osiyidwa pawindo, ndi palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Ngoziyi imakula madzi akasefukira, monga mu 2015, pa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene mabanja ambiri adaunjikana m'misasa ku Bangula ndi katundu wawo yense m'malo amodzi.

Diso limodzi, mankhwala awiri

Pali mfundo ina imene wogwira ntchito pachipatala chaching'ono ayenera kuidziwa bwino, chifukwa imakhudza moyo wa wodwala komanso zomwe zilembedwe m'kaundula. Amene wapyoza opioid ndi amene wamwa tameki kapena mankhwala opopera a gulu la organophosphate onse amafika ali chikomokere, kamwana ka diso katachepa ngati kansonga ka singano. Kusiyana kwake kuli pa madzi a m'thupi. Wa mankhwala a mbewu amakhala atanyowa: thukuta, dovu, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, m'chifuwa mukumveka kuwira, minofu ikunjenjemera. Ameneyu afunika atropine, wobwerezabwereza mpaka m'chifuwa mutauma, ndipo amatha mabotolo ambiri kuposa omwe chipatala chaching'ono chimasunga. Wa opioid m'chifuwa mwake simuwira motero, koma amapuma mochedwa kwambiri. Ameneyu afunika kumuthandiza kupuma ndi kumubaya naloxone.

Naloxone ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo sapweteka munthu amene sadamwe opioid. Koma mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pomwe opioid akhoza kukhalabe m'magazi, choncho wodwala amene wadzuka n'kuyamba kulankhula asatulutsidwe msanga. Tramadol ali ndi vuto lina: amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ndipo naloxone sathetsa zimenezo. Kuchokera ku Bangula, kumene kuli chipatala cha Kalemba, kukafika kuchipatala cha boma ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi oposa 100, kukwera mapiri a Chikwawa. Munthu amene wasiya kupuma sangadikire ulendo umenewo. Achibale nawo ayenera kumva kuchokera kwa alangizi a zaumoyo kuti kumwetsa mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere kuti munthu asanze kumangolowetsa chiphe m'mapapo. Chofunika ndi kumugoneka cham'mbali, kuthamanga naye, ndi kunyamula botolo kapena pepala la chomwe wamwa.

Amene morphine sakuwafikira

Pamene America inkasefukira ndi ma opioid, maiko ngati lathu ankawasowa. Gulu la akatswiri la magazini ya Lancet lidanena mu 2017 kuti theka la anthu osaukitsitsa padziko lapansi limalandira zosakwana 1 peresenti ya morphine yense wogawidwa padziko. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri, ndipo khansa ya kummero ndi Kaposi sarcoma nazonso n'zofala. Ambiri amafika kuchipatala matenda atakula, pamene chimene chatsala n'kuwachotsera ululu. Ntchitoyi ikugwiridwa ndi malo ngati Tiyanjane ku Queen Elizabeth, Ndi Moyo ku Salima, magulu a m'zipatala za maboma ndi bungwe la Palliative Care Association of Malawi, koma mayi wa kumudzi kwa Mbenje ayenera kupeza ndalama ya kabaza ndi minibasi nthawi iliyonse mankhwala akamuthera.

M'maganizo athu, choopsa chimene nkhani za ku America zingabweretse kuno ndi mantha. Namwino amene wamva za fentanyl akhoza kuopa kupereka morphine, ndipo wopanga malamulo akhoza kuonjezera maloko pa kabati imene ili kale yovuta kutsegula pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act. Chonsecho morphine wakumwa, woperekedwa pa muyeso woyenera kwa wodwala khansa amene akuyang'aniridwa, si amene adapha anthu ku West Virginia. Uganda yakhala ikusungunula yokha morphine wamadzi kuyambira m'ma 1993, ndipo mu 2004 idalola anamwino ophunzitsidwa kuti azimulembera odwala, popanda mliri wa chibaba kubuka. Kumene morphine kulibe, wodwala amakagula chilichonse kumsika n'kumaonjezera yekha, ndiye kusowa kwa mankhwala oyenera kumene kumamukankhira ku muyeso woopsa. Chofunika kusamala n'chakuti botolo lotsala wodwala akamwalira libwezedwe kuchipatala, ndiponso kuti codeine asaperekedwe kwa ana osakwana zaka 12 ndi amayi oyamwitsa.

Kuwerenga kumene kungatheke

Kupima mtembo uliwonse ndi kuyeza magazi monga amachitira ku America sikungatheke msanga ku Nsanje. Koma njira ina ilipo. Ku Chilumba m'boma la Karonga, ofufuza akhala akulemba kubadwa ndi imfa za anthu a m'dera limodzi kuyambira 2002, ndipo munthu akamwalirira kunyumba amapita kukafunsa achibale mafunso okonzedwa bwino a momwe adadwalira, kenako madokotala amaunika mayankhowo n'kutchula chomwe chikuoneka kuti chidamupha. Njirayi ili ndi malire ake pa nkhani ya chiphe. Kwa zaka zambiri malamulo a dziko lino akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo banja limaopa apolisi, mpingo ndi zonena za anthu. Wofunsa ayenera kubwera maliro atapola, alankhule Chisena kapena Chimang'anja cha pamalopo, ndipo afunse zomwe zidaoneka pathupi asanafunse zomwe munthuyo adamwa.

M'zipatala namo muli chosowa chaching'ono chokhala ndi zotsatira zazikulu. Kaundula akangolemba kuti wodwala wamwa chiphe, mwana amene wamwa palafini, mtsikana amene wamwa tameki atakangana ndi makolo, ndi mnyamata amene waphatikiza tramadol ndi kachasu amasanduka nambala imodzi ikafika ku DHIS2. Kuti magulu aoneke pafunika kulemba zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ntchito yake, dzina la chomwe wamwa, kumene adachipeza, ngati kudali mwangozi kapena mwadala, maola amene adadutsa asanafike, ndi momwe zidathera. Mwezi nawo ndi wofunika, kuti tione ngati odwala amachuluka nthawi yopopera thonje, yogulitsa zokolola, kapena ya njala.

Ofufuza achenjerenso ndi kuchepa kwa manambala. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje. Tingoyerekeza kuti imfa zotere ndi 5 pa anthu 100,000 pachaka: boma lonse lingakhale ndi imfa 15, ndipo dera la mfumu imodzi lingakhale ndi ziwiri kapena zitatu. Zikachoka pa ziwiri kufika pa zinayi, wina adzalemba kuti imfa zawirikiza kawiri, pomwe mwina ndi botolo limodzi la mowa woipa pa maliro amodzi. Kuti kusintha kwenikweni kuoneke pakati pa amuna ndi akazi kapena achinyamata ndi achikulire, pafunika kuphatikiza Nsanje ndi Chikwawa, komwe kuli anthu oposa 560,000, ndi kuwerenga zaka zitatu kapena zisanu pamodzi, pogwiritsa ntchito fomu imodzi kuyambira ku Sorgin ndi Kalemba mpaka ku Ngabu ndi Nchalo.